Kanyumba ka a Namagowa

Sonkhezani makala pa mbaulapo, magetsiwa sabwera msanga. Ndipo poti takhala pansi, ndikuuzeni ndekha chimene ndinachokera ntchito kwa Namagowa. Zimene mwamva kumpopi, zoti amake Zaithwa anazungulira mutu n'kuphwanya katundu wa abwana, theka lake ndi loona. Katundu ndinaphwanyadi. Koma mutu wanga unali bwinobwino, ndipo tsiku lija litabwerera ndikhoza kuphwanyanso.

Inu mukundidziwa. Ndine munthu woti powoloka msewu ndimayang'ana uku ndi uku mpaka anzanga kundisiya. Madzi a mwana ndimawiritsa. Zaithwa ndinamuona nditapita kale padera, ndipo bambo ake amakhalira pa msewu wa ku Beira ndi thiraki, ndiye mwanayu akangotsokomola ine tulo tatha. Si ine munthu woyamba ndewu.

Kampani ya Namagowa ndi Anzake ili pamwamba pa sitolo ina ya matayala, chakufupi ndi Ginnery Corner. Ntchito yake ndi kujambula mapulani a matchalitchi, masukulu ndi nyumba za anthu. Ine ndinalowako ndi satifiketi yanga ya Fomu 4 n'kupatsidwa tebulo la pakhomo: kulandira alendo, kuyankha foni, kusindikiza mapulani pa chimakina chachitali n'kuwapinda.

Anayambitsa kampaniyo ndi malemu bambo Namagowa a ku Chiradzulu, kalekale, anthu akadali ndi maganizo oti pulani ya nyumba yosanja angajambule ndi mzungu yekha. Ine sindinawaone, anamwalira ndisanalembedwe. Koma mu ofesimo ankatchulidwa ngati angotsika kukagula nyuzi. Wina akajambula chinthu mothamanga, umangomva mnzake akuti, "Achikulire sangalole zimenezo." Anasiya malamulo amene aliyense ankawadziwa pamtima. Lina linali lakuti chipinda chilichonse chizipuma: chikhale ndi zenera ndi timabowo ta mpweya pamwamba, ngakhale chikhale chosungiramo makasu. Lina linali lakuti pulani isatuluke mu ofesi popanda kamunthu kojambulidwa pakhonde. Ankati nyumba yopanda munthu ndi bokosi, ndipo bokosi ntchito yake mukuidziwa.

Moyang'anizana ndi tebulo langa munali kabati yagalasi, ndipo m'kati mwake munali kanyumba kachitsanzo ka timatabwa ndi makatoni olimba, kotalika ngati mkono wanga. Inali nyumba imene achikulirewo anadzijambulira kuti akapumiremo kwawo, koma imfa inawapeza maziko asanakumbe. Kanali kokongola, sindinama: khonde lozungulira, timalata topinda ndi manja, bwalo, ndi mtengo wa mango wa waya ndi siponji. Mu ofesi ankangokatchula kuti Kumudzi.

Aliyense akalembedwa ntchito ankamusemera kamunthu kotalika ngati kamtengo ka machesi, n'kukaika pabwalo la Kumudzi pa nthawi ya tiyi Lachisanu, anthu akuwomba m'manja. Wosema anali a Bizweki, mkulu wanthabwala amene anaphunzira ntchito m'manja mwa achikulire eniake. Kiyi wa kabati ankasunga ndi madamu, mayi Esitere, mwana wa malemuwo, amene ndiwo ankayendetsa kampani. Anali munthu wabwino kwa ine. Ndiwo anandilola kuti Zaithwa akaweruka ku sukulu ya mkaka masana azikhala pansi pa tebulo langa n'kumajambula pa mapepala otayidwa.

Lachisanu lina, mandasi ali patebulo, a Bizweki anatulutsa m'thumba kamunthu ka diresi lachikasu.

"Abwana aang'onowa sajomba," anatero, akuloza Zaithwa. "Amafika nthawi yabwino kuposa ena ndikuwaona panowa. Alowe m'mudzi basi, malipiro tikambirana akayamba kumwa tiyi osatayira."

Anthu anafa nazo kuseka. Ine sizinandikondweretse, sindikudziwa chifukwa chake, koma ndikanakana bwanji madamu atatsegula kale kabati? Anakaika pansi pa mango, pambali pa kamunthu kanga, n'kukiya.

Zinayamba pang'onopang'ono. Ofesi ndinkatsegula ndine m'mawa, ndipo m'mawa wina ndikupachika chikwama ndinamva kaphokoso: kwe, kwe, kwe, ngati munthu akusongola pensulo ndi lezala. Mu ofesi imeneyo aliyense amajambulira pa kompyuta. Ndinayenda matebulo onse, palibe munthu. Pobwerera ndinaona tizinyalala ta pensulo topotana pakhonde la Kumudzi, m'kati mwa galasi lokiya.

Ndinadziuza kuti ndi chiswe.

Kenaka masipuni a tiyi anayamba kuchepa. Anthu ankanamizira a Bizweki, iwo n'kumati, "Ine kwathu timatakasa ndi chala." Kenaka kunasowa kariboni ka m'tsitsi mwa Zaithwa. Ndinakafuna pansi pa tebulo, m'chikwama, m'masitepe. Patapita masiku ndinaona kachidutswa kake kopyapyala katayanikidwa pa kamtanda ka khonde la kanyumba kaja, ngati mmene munthu amayanikira thaulo. Galasi lake m'mawa linkakhala ndi nthunzi cham'kati, ndipo ukaligwira linkafunda.

Zaithwa naye anasiya kujambula. Akafika ankapita molunjika pa kabati, n'kugwada bwinobwino monga ndinamuphunzitsira.

"Mwaswera bwanji agogo?"

Ankadikira, mutu utapendekeka, kenaka n'kuseka.

"Ukuyankhula ndi ndani, Zai?"

"Agogo a pensulo."

Apo m'pamene ndinayang'anitsitsa, ndipo ndinaona kuti kamunthu kachikasu kaja sikalinso pansi pa mango. Kanali pakati pa bwalo, katafulatira kanga.

Ndinakoka a Bizweki pa nthawi ya nkhomaliro, enawo atatsika kukagula chipisi.

"Akulu, kamwana kaja mwakasuntha ndinu?"

"Ine? Kiyi ndi wa madamu, mayi. Ine ndingokhala ndi kiyi wa njinga, njinga yakenso anaba."

"Nanga tianthu timeneti tikuoneka pa kazenerati, m'kati mwa nyumbamu, ndi tandani?"

Anakanda m'mutu. "Amenewo ndi anzathu anatisiya. A Lameki adalaivala, mayi Nasiyani ankatiphikira tiyi, ndi ena akale. Munthu akamwalira kake kamalowa m'nyumba. Ndi ulemu umenewo. Madamu ndiwo amalowetsa."

"Munawaonapo akulowetsa?"

Nthabwala zinatha pankhope pawo. Anayang'ana kakhomo ka kanyumbako, koti ngakhale chala cha mwana sichingalowe, ndi denga limene anamata okha ndi guluu zaka zambiri zapitazo.

"Amalowa munthuyo atamwalira," ndinafunsanso, "kapena asanamwalire?"

"Amake Zaithwa," anatero motsitsa mawu, "mafunso enawa munthu umawasiya ngati ukufuna kufika pa penshoni."

Madzulo a tsiku lomwelo tinaima pa siteji kudikira minibasi ya ku Chirimba, Zaithwa ali kumsana. Kunali kukuyamba kuda, magalimoto atayatsa nyali. Pambali panga panaima bambo wina wachikulire wa jekete lakale, pensulo ili kukhutu. Nkhope yake musandifunse. Ndikati ndimuyang'ane, nyali ya galimoto inkandithobwa m'maso.

"Mwanayu watopa ndi maminibasi," anatero, mawu ake aulemu ndithu. "Ndipo nyumba mukukhala ku Chirimba ija mpweya sulowa bwino. Zenera lakuchipinda analoza kolakwika."

Ine ndinali ndisanamuuzepo kumene ndimakhala. Ndinamva Zaithwa akudzikoka mu nsalu, dzanja lake likutambasukira kwa bamboyo. Ndinalowa minibasi yoyamba imene inaima, kondakitala akukuwa Ndirande, ndipo ndinakatsikira kutali n'kuyamba kufunsa njira ngati mlendo.

Kuyambira tsiku limenelo ku ofesi sindinapitenso naye. Inu amake Dalo mukukumbuka, ndinkamusiya kwa inu. Mukukumbukanso mmene anasinthira. Mwana wosakhazikika uja ankangogona usana wonse, phala osalifuna, mawu ngati akuyankhulira m'chipinda china. Kuchipatala anamubaya chala, malungo palibe. Anamupima pachifuwa, palibe. Anandipatsa panado n'kundiuza kuti amayi ongoyamba kumene kulera timachulutsa nkhawa.

Lamulungu ndikumusambitsa anatsegula maso n'kunena momveka bwino, "Amama, agogo akundimangira chipinda changachanga. Mulibe phokoso."

Lolemba ndinafika ku ofesi n'kulunjika pa kabati. Sindinapachike n'chikwama chomwe. Kumbali kwa kanyumba kaja, kumene kale kunali bwalo lokhalokha, kunali kachipinda katsopano, komata bwinobwino, timalata take tolingana ndi tinzake. Kamunthu kachikasu kanali katakwera pakhonde, kataima pakhomo penipeni, phewa limodzi lili kale m'kati.

A Bizweki atafika ndinangoloza. Anavala magalasi, n'kuwerama nthawi yaitali.

"Si ine," anatero. "Onani m'makonamu. Lezala yake yadula kuchokera kumanzere. Achikulire anali amanzere." Anazungulira kabati, n'kuzunguliranso. Kenaka anaima n'kundiyang'ana. "Mayi, chipindachi chilibe zenera. Chilibe n'kabowo ka mpweya komwe. Munthu uja moyo wake wonse sanajambulepo chipinda chosapuma."

"Chifukwa wogonamo sadzafuna kupuma," ndinatero. Mawuwo anangotuluka okha.

Ine amene ndinkagogoda kawirikawiri ndisanalowe mu ofesi ya madamu, tsiku limenelo ndinangokankha chitseko. Anali akuyang'ana pulani ya tchalitchi, alendo awo a komiti akudikira pa benchi panja.

"Madamu, ndikupempha kiyi wa Kumudzi. Ndichotsemo ka mwana wanga."

"Edina, mwadzuka bwanji kaye?"

"Sindinadzuke bwino. Mwana wanga akutha. Bambo anu amumangira chipinda."

Ndinkayembekeza kuti andiseka, kapena andiuza kuti ndikapume. Sanaseke. Anavula magalasi n'kuwaika pa pulani paja pang'onopang'ono.

"Tsekani chitseko," anatero. Nditatseka anapitiriza. "Kwanu ku Thyolo munthu wamkulu akamwalira, nyumba yake mumaitani?"

"Amaigwetsa. Kuti asamabwerere."

"Kwathunso. Bambo anga anali ndi kanyumba kawo kakale ku Chiradzulu, kamene ndinabadwiramo. Titameta, adzukulu okumba manda anakwera padenga ine ndikuona. Ndinagwada, ndinalira, amalume anga anati mwambo ndi mwambo. Pofika madzulo panali mulu wa dothi. Ndiye nditabwerera kuno ndinaipeza iyi ili chiimire. Palibe anaiganizira." Anamwetulira pang'ono. "Mukuyesa sindimva pensulo ija? Ndikapanikizika ndi pulani ndimaisiya patebulo, m'mawa ndimadziwa pokonza. Kampani ino yaima chifukwa bambo anga sanachoke."

"Ndiye mumadziwa."

"Bambo anga sanapwetekepo mwana wa munthu. Ankakonda ana. Ine ndilibe mwana, Edina. Mwina akungofuna womuyang'ana akusewera pabwalo."

"Ankakonda ana ali moyo, madamu. Pano akukonda ngati wakufa. Ndipatseni kiyi."

"Kabati ija imatsegulidwa Lachisanu."

"Lachisanu mwana wanga adzakhala ali m'kati."

"Ndanena. Bwererani pa tebulo lanu, alendo akudikira tiyi. Ndipo muganize bwino, ntchito m'tauni muno sizitoledwa pansi."

Ndinaganizadi. Ndinaganiza za lendi, za sukulu ya mkaka, za mayi anga amene anagulitsa mbuzi kuti ndilembe mayeso. Ndinatuluka, ndinadutsa azibambo a komiti ya tchalitchi ndi mataye awo, ndinafika pakhoma pamene pankapachikidwa chitini chofiira chozimitsira moto. N'cholemera, koma tsiku limenelo sindinachimve.

"Edina!" anakuwa madamu kumbuyo kwanga. "Imeneyo ndi nyumba ya bambo anga!"

"N'chifukwa chake inu simungaigwetse," ndinayankha. "Wachibale sagwetsa. Lero mdzukulu ndine."

Galasi linasweka kamodzi n'kamodzi. Munatuluka mpweya wofunda, wa fungo la dothi lonyowa, ndipo mapulani onse opachikidwa kukhoma anagwedezeka ngati wina watsegula chitseko chachikulu. Anyamata a pa makompyuta anaimirira, wina anathawira kuchimbudzi. Mkulu mmodzi wa komiti anayamba pemphero koma silinapite patali.

Ndinagwira kamunthu kachikasu. Kanali kozizira ngati katuluka mufiriji, ndipo sikanabwere. Chinachake chinali chitakagwira cham'kati, osati mwamphamvu, koma ngati mmene munthu wamkulu amagwirira dzanja la mwana powoloka msewu.

Ndinawerama mpaka pakamwa panga panafika pa kakhomo kaja.

"A Namagowa," ndinatero, ofesi yonse ikumva, "sindikukudziwani ndipo simukundidziwa. Akuti munali munthu wabwino. Koma munafa, bambo. Munafa, anakulirani, anameta. Mwanayu ndinamuvutikira ndine, ndipo kwawo kulipo, zenera likhote lisakhote. Musiyeni."

Sikanabwerebe. Ndinanyamulanso chitini chija kuti ndiphwanye zonse pamodzi, koma wina anandigwira mkono. Anali a Bizweki, misozi ili m'masaya.

"Osatero, mungapweteke mwana. Denga kaye, mayi. Amayamba ndi denga."

Analowetsa okha mpeni wawo wosemera pansi pa timalata tija, pamene anamata ndi manja awo, ine n'kukoka. Denga linang'ambika ndi kulira kwina koti makatoni salira choncho. Pomwepo kamunthu kaja kanagwera m'dzanja langa.

Zimene zinali m'katimo sindinena zonse. Tianthu tija tinali titakhala pansi mozungulira, ndipo a Bizweki amalumbira mpaka lero kuti onse anawasema ataimirira. Pakati pawo panali malo a munthu mmodzi, opanda kanthu, koma palibe aliyense wa ife anafuna kuyang'anapo kawiri. Ndinagwetsa makoma limodzilimodzi, kachipinda kosapuma kaja ndinakapondaponda ndi nsapato. A Bizweki anatola a Lameki, mayi Nasiyani ndi anzawo n'kuwakulunga mu kampango kawo, akuwatchula maina.

Madamu anali atakhala pansi, pa simenti, pakati pa magalasi osweka. Sanandikalipire. Anangoti, "Mwandiphera bambo kachiwiri. Tulukani."

"Pepani, madamu," ndinatero, ndipo ndinapepesa zoona. "Koma wanga sanafe n'kamodzi komwe, ndipo safa."

Ndinatsika masitepe kamunthu kali m'kamisolo, pamtima.

Amake Dalo, nenani ngati ndikunama. Nditafika ndinamupeza atakhala tsonga pa mkeka panu, akudya mbatata ndi manja onse awiri, thukuta lili kamukamu. Atandiona anakwinya nkhope.

"Amama ndinu oipa. Mwagumula nyumba ya agogo."

"Eya, ndagumula. Idya."

"Ndiye agona kuti?"

Ndinamutenga, ndinalowa naye m'nyumba dzuwa likadalipo, n'kutseka chitseko ndi mpiringidzo.

Kutangoyamba kuchita chisisira, ana a anthu akadali kusewera fulaye panja, tinamva mapazi pakhonde. Anali mapazi a munthu wosathamanga. Anaima pakhomo. Kenaka mawu aulemu aja, otsika:

"Odi."

Inu mukudziwa mmene tinaleredwera. Munthu wamkulu akaodira, pakamwa pamayankha pokha. Ndinamva "lowani" akukwera kukhosi kwanga, ndipo ndinaona Zaithwa akutsegula kale pakamwa. Ndinamutseka ndi dzanja, n'kumukanikiza pachifuwa panga.

"Odi kuno."

"Kuno kulibe malo!" ndinakuwa, mawu anga mpaka kusasa. "Nyumba ino ndi ya lendi, ndi yothina, ndipo ndi ya amoyo. Pitani mukagone kumene akugona anzanu!"

Kunja kunati zii. Ngakhale ana a fulaye aja anasiya phokoso. Tinakhala choncho, mtima wa mwana ukugunda pa wanga, mpaka mapazi aja anatembenuka. Anatsika pakhonde, anadutsa pa mpopi, n'kumapita cha kumsewu, pang'onopang'ono, ngati munthu amene ulendo wake ndi wautali ndipo wauyamba mochedwa.

Zaithwa anachotsa dzanja langa pakamwa pake.

"Amama, mukundipweteka. Ndikufuna tiyi."

Ndinayatsa mbaula.